Kompyuta ikuuma gemu ili mkati: musanagule purosesa ina, yezani kaye

Kalata ya sabata ino yachokera ku Luchenza. Mwini wake ali ndi kachipinda kuseri kwa golosale komwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa kompyuta. Makina ake ndi Dell OptiPlex 9020, yaing'ono yophwatalala ija, yogula kaunjika. Purosesa yake (ubongo wa kompyuta) ndi Intel Core i5-4590, RAM (momwe kompyuta imasunga zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi ya 8 GB, ndipo anaikamo yekha khadi ya zithunzi ya NVIDIA GTX 1650. Walemba motere: "Tikamasewera gemu ya mpira ya FC 24 kapena GTA V, pakangotha mphindi 20 kapena 30 fani imayamba kulira kwambiri, gemu n'kuyamba kudukizadukiza, kenako zonse zimauma. Chithunzi chimangoti duu, sipika n'kumangolira mawu amodzimodzi mpaka nditazimitsa pa batani. M'mawa sizichitika kawirikawiri, koma masana ndiye tsiku lililonse. Anzanga akuti purosesa yapsa, ndigule ina. Ndi zoona?"

Achimwene, ndalama yanu isungeni kaye m'thumba. Pa zinthu zonse zomwe zili m'bokosilo, purosesa ndi yomwe siifa wamba. Ikanakhala kuti yapsa, kompyuta yanu si bwenzi ikuyaka m'mawa uliwonse n'kukutumikirani bwinobwino mpaka dzuwa litakwera. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri m'mavuto ngati anuwa amagula chinthu chimodzi, vuto osatha, n'kugula china, osathanso, mpaka ndalama za mwezi wonse zathera pa zinthu zomwe zinalibe mlandu. Kuyeza n'kwaulere, ndipo n'komwe kukuuzeni choyenera kugula, ngati chilipo.

Purosesa ili ndi njira yakeyake yodzitetezera. Mkati mwake muli tizipangizo toyeza kutentha nthawi zonse. Pa i5-4590 malire ake ndi madigiri 100. Ikayandikira pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isatulutse moto wambiri, ndipo inu mumaona gemu ikudukiza, osewera akuyenda mokoka miyendo. Zikakanika ndithu, imadula magetsi, kompyuta n'kuzima mwadzidzidzi ngati mwazula pulagi. Zizindikiro za purosesa yotentha ndi ziwiri zimenezi: kuchedwa, ndi kuzima. Kuuma kwa chithunzi, mawu n'kumabwerezabwereza pa sipika, ndi chizindikiro china, ndipo nthawi zambiri eni ake amakhala RAM, khadi ya zithunzi ndi driver wake (pulogalamu yoyendetsa khadiyo), power supply (chipangizo chogawa magetsi m'bokosi), kapena hard disk. M'kalata yanu muli zonse ziwiri, kudukiza komanso kuuma. Ine ndikuganiza kuti kutentha kulipodi, koma sikukuvutitsa purosesa yokha. M'kabokosi kothina choncho mpweya wotentha wa purosesa ndi wa khadi umazungulira malo amodzi, ndipo chilichonse chofooka m'katimo chimayamba kugonja masana.

Ikadzaumanso, musathamangire batani. Dinani Caps Lock muone ngati kanyali kake pa kiyibodi kakuyaka ndi kuzima. Ngati kakuyankha, ndiye kuti Windows idakali moyo, chomwe chakomoka ndi gemu kapena chithunzi. Pamenepo dinani mabatani anayi pamodzi, la Windows, Ctrl, Shift ndi B. Zimenezi zimadzutsanso driver wa zithunzi. Sikirini imaphethira, kakulira kamodzi n'kumveka. Chithunzi chikabwerera, diso lanu likhale pa khadi, osati pa purosesa. Koma ngati kanyali ka Caps Lock sikakuyankha n'komwe, makina onse auma, ndipo tiyang'ana ku RAM ndi ku magetsi.

Tsopano kuyeza kwenikweni. Tsitsani pulogalamu yaulere yotchedwa HWiNFO64, yaing'ono, siidya bandulo. Mukaitsegula sankhani Sensors-only. Chifukwa chomwe ndimaikondera n'chakuti ili ndi batani lolemba zonse zomwe ikuona mu fayilo, masekondi angapo aliwonse. Kompyuta ikauma simungathenso kuwerenga manambala pa sikirini, koma fayilo ija imatsala pa disiki. Mukayatsanso makina n'kuitsegula ndi Excel, mizere yomalizira imakuonetsani momwe zinthu zinalili kutangotsala pang'ono kuti iume. Yambitsani kulembako, tsegulani FC 24 masana nthawi yomwe imavuta ija, anyamata asewere mpaka ichite zomwe imachita.

Mu fayiloyo yang'anani kutentha kwa purosesa, mzere wolembedwa Thermal Throttling womwe umati Yes kapena No, kutentha kwa GPU (purosesa ya pa khadi ya zithunzi), ndi liwiro la mafani ngati likuoneka. Kompyuta itangokhala osachita kanthu, madigiri 35 mpaka 50 ndi abwinobwino kwathu kuno. Gemu ili mkati, 65 mpaka 80 musade nazo nkhawa. Ikamadutsa 90, kapena mzere uja n'kumati Yes, purosesa ikupsadi mtima ndipo zomwe ndilembe m'munsimu zokhudza fumbi ndi thermal paste (phala lopaka pa purosesa) ndi zanu. Khadi ya NVIDIA nayo imayamba kudzibweza liwiro cha m'ma 83. Palinso chinthu china choti muone, liwiro lomwe kutentha kukukwerera. Ngati mukangotsegula gemu ikulumpha kuchoka pa 45 kufika pa 95 m'masekondi ochepa, ndiye kuti chitsulo choziziritsa sichikukhudza bwino purosesa. Ngati ikukwera pang'onopang'ono kwa theka la ola, ngati mmene mwafotokozeramu, ndiye kuti mpweya wotentha sukutuluka m'bokosi.

Mawu anu akuti m'mawa sizichitika ndi umboni waukulu. Fani siipanga kuzizira, imangokankhira pa chitsulo mpweya womwe uli m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 kuposa m'mawa, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi 10 omwewo. Kachipinda ka malata kopanda siling'i, mu Okutobala kapena Novembala, muli anyamata asanu ndi atatu apanikizana, chitseko chotseka kuti dzuwa lisawale pa sikirini: makina omwe amadutsa bwino nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julaye sangapirire zimenezo. Yesani izi tsiku limodzi. Chotsani chivundikiro cha m'mbali, lozetsani fani ya patebulo m'katimo, sewerani nthawi yomweyo. Ngati tsikulo yatha osauma, mwapeza kuti vuto ndi kutentha ndipo simunawononge tambala. Koma musaisiye yovundukula mpaka kalekale pamalo pomwe pali ana ndi zakumwa.

Onaninso pomwe bokosilo lakhala. Ambiri amaliika pansi, pa simenti, pakona, kumbuyo kwake kutagunda khoma, ena mpaka kuliphimba ndi chitenje kuti lisade. Pansi ndi pomwe pali fumbi lonse lomwe anthu amalowa nalo kuchokera kumsika ndi lomwe limauluka posesa. Likwezeni pa tebulo, kumbuyo kukhale mpata wokwana dzanja lotambasula, ndipo kutsogolo komwe mpweya umalowera pasatsekedwe ndi chilichonse. Chitenjecho muziphimba usiku makina atazima.

Poyeretsa, zimitsani, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako tulukani nayo panja pamthunzi. Jambulani m'katimo ndi foni musanachotse chilichonse, kuti pobwezeretsa musasokonezeke. Musanagwire bolodi, pomwe palumikizidwa zipangizo zonse, khudzani chitsulo cha bokosi. Pa purosesa mupeza fani yokhala pamwamba pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi timipata tambirimbiri. Mukangoyang'ana pamwamba mungaganize kuti mwayera, chifukwa fumbi lenileni limabisala pakati pa fani ndi timipatato. Limamatana ndi ubweya wa zovala ndi utsi wa makala mpaka kukhala chinthu chimodzi chokhuthala chomwe mungachinyamule ndi zala chosaduka. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje chinyezi cha nthawi ya mvula chimalinyowetsa, n'kudzauma litagwira zolimba, moti kungopemerera sikulichotsa. Tengani mswachi wakale wouma kapena kaburashi ka penti, yeretsani timipata tonse, kenako pemererani ndi bulowa. Popemerera gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa ikathamangitsidwa ndi mphepo yamphamvu imawonongeka mkati ndipo imatha kubweza magetsi ku bolodi. Musapemerere ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Kompresa ya opopa matayala nayo imatha kulavula madzi ndi oyilo, ndiye ngati ndi yokhayo yomwe ilipo, iyambe yapemerera pambali, ndipo muime nayo patali.

Zunguzani fani iliyonse ndi chala. Yabwino imazungulira mofewa n'kuima pang'onopang'ono. Yomwe ikukakamira kapena kugwedera yatha ntchito, ngakhale ikumveka kulira kwambiri. Chitani chimodzimodzi ndi fani ya pa GTX 1650, yomwe m'bokosi laling'onoli imakhala mothinana ndi zinthu zina ndipo imatsekeka msanga. Power supply ipemerereni kuchokera kunja kokha. Musaitsegule. Mkati mwake muli ma capacitor omwe amasunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa, ndipo akhoza kukuvulazani kwambiri. Mukaona mphemvu, nyerere kapena mazira a nalimata akutuluka mmenemo musadabwe, zimakonda malo ofunda, ndipo zimatha kuyambitsa shoti.

Purosesa yanuyo inatuluka mu 2014. N'kutheka kwambiri kuti thermal paste yomwe ili pakati pa iyo ndi chitsulo choziziritsa ndi ya kufakitale yomwe ija. Ntchito ya phalali ndi kudzaza timaenje tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwirizo kuti kutentha kudutse, ndipo likakalamba limauma n'kung'ambika. Masulani ma screw anayi a chitsulocho pang'onopang'ono, mopingasa, ili kenako la kutsidya kwake, n'kuchipotoza pang'ono musanachinyamule. Phala lakale mulipeza lotuwa, lonyenyeka mukalikanda ndi chikhadabo. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi isopropyl alcohol, mpaka chitsulo chiwale, ndipo dikirani ziume. Purosesayo musaichotse pamalo pake; pansi pake pali timapini tofewa tomwe tikapindika bolodi yonse yapita. Donthezani kadontho kamodzi ka phala latsopano pakati, kukula kwake ngati njere ya nandolo, bwezeretsani chitsulo molunjika, mangani mopingasa mpaka ma screw afike pothera, ndipo musaiwale kulumikiza kachingwe ka fani. Phala lodziwika ngati Arctic MX-4 silidutsitsa magetsi, ndiye likasefukira pang'ono palibe choopsa. M'mashopu a makompyuta ku Limbe ndi ku Blantyre thermal paste imapezeka, ndipo kachubu kamodzi kamakwana maulendo angapo. Ndamvapo ena akulangiza mankhwala otsukira mano kapena girisi wa njinga. Musayese. Mankhwala a mano ali ndi madzi, amauma m'masiku ochepa, ndipo mumabwerera pomwe munali koma chitsulo chitadetsedwa. Za kuika kompyuta m'firiji kapena kusanjika madzi oundana pamwamba nazonso ayi, chifukwa mame omwe amabwera pambuyo pake ndi omwe amapha bolodi.

Mukamaliza yezaninso ndi HWiNFO64, nthawi yomweyo ya masana, gemu yomweyo. Ngati manambala atsika ndipo kuuma kwatha, nkhani yathera pompo. Koma ngati purosesa ili pa 70 ndipo makina akuumabe, ndiye kuti panali mavuto awiri ndipo mwathetsa limodzi.

Woyamba kumukayikira ndi RAM. Makina a kaunjika nthawi zambiri amabwera ndi timitengo ta RAM ta DDR3 tosiyana mitundu, tomwe wogulitsa anangotolera uku ndi uku kuti akwanitse 8 GB. Tichotseni, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, bwezeretsani mpaka tizogwirira ta m'mbali titseke tokha. Chinyezi chathu chino chimadetsa manowo mosaoneka. Dell ili ndi mayeso akeake: poyatsa dinani F12, sankhani Diagnostics, ndipo iyesa RAM, mafani ndi disiki. Mayeso ozama kuposa amenewo ndi MemTest86, yomwe mumaika pa fulashi n'kuisiya ikugwira ntchito usiku wonse ngati magetsi alipo. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, yesani kamtengo kamodzikamodzi mpaka mupeze kodwalako.

Wachiwiri ndi power supply, ndipo pa makina anuwa ndimamukayikira kwambiri. Ya OptiPlex 9020 yaing'onoyi ndi ya 255 W, yopangidwira ntchito za mu ofesi. Purosesa yanu inalembedwa 84 W, khadi 75 W, kuphatikizapo disiki, bolodi ndi mafani. Pa pepala zikukwanira, ndipo ambiri amayendetsa makina oterewa popanda vuto. Koma iyi yagwira ntchito zaka zambiri, yadya fumbi, yapirira kuzimazima kwa magetsi, ndipo power supply ikatentha mphamvu yake imachepa. Gemu ikafika pamalo povuta, purosesa ndi khadi n'kukoka magetsi nthawi imodzi, yofooka imagwetsa mphamvu kwa kamphindi, ndipo kamphindi komweko n'kokwanira kuumitsa makina. Njira yosavuta yoyesera ndi kuchotsa GTX 1650, kulumikiza sikirini ku bolodi, n'kupanikiza purosesa yokha ndi pulogalamu ngati Cinebench kapena OCCT. Ikapirira payokha koma n'kumauma khadi ikabwerera, vuto lili pa khadi kapena pa magetsi. Dziwaninso kuti Dell ya mtundu uwu ili ndi cholumikizira chakechake cha mapini 8 pa bolodi, ndiye power supply wamba ya m'shopu siingolowa popanda adaputala. Kunja kwa bokosi nako kuoneni: ekisitenshoni yotchipa yomwe pulagi yake imagwedera kapena kufunda, yogawana ndi firiji ya m'golosale, ikhoza kubweretsa vuto lomweli nthawi iliyonse firijiyo ikalira. Kompyuta ipatseni soketi yakeyake.

Za driver sizitenga nthawi. Tsegulani Event Viewer, pitani ku Windows Logs kenako System, yang'anani nthawi yomwe makina anauma. Mukapeza uthenga wonena kuti nvlddmkm inasiya kuyankha, ameneyo ndi driver wa NVIDIA. Mufufuteni ndi pulogalamu ya DDU muli mu Safe Mode n'kuika watsopano wochokera kwa NVIDIA enieniwo. Uthenga wa Kernel-Power 41 usakusokonezeni, umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, zomwe mukuzidziwa kale popeza ndinu munadina batani. Ngati magemu ali pa hard disk yakale yozungulira ija, iyeseni ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, samutsani zinthu zanu lero lomwe. Disiki yodwala imaumitsa gemu kwa masekondi angapo kenako n'kuimasula, ndipo ndi RAM ya 8 GB yokha, Windows imathamangira ku disikiyo pafupipafupi.

Pali nkhani ina yomwe sindingaidumphe. Magemu ambiri omwe amayenda pa mafulashi m'matauni mwathu ndi othyoledwa, ndipo ena amabwera ndi mapulogalamu obisika omwe amagwiritsa ntchito kompyuta yanu kukumbira munthu wina ndalama za crypto. Chizindikiro chake ndi fani kulira ndi kutentha kukwera pamene palibe chomwe mwatsegula. Zoterezi zina zimabisala mukangotsegula Task Manager, ndiye khulupirirani fayilo ya HWiNFO64 ija: siyani makina osachita kanthu kwa mphindi 15, kenako onani ngati purosesa kapena khadi inali kugwira ntchito. Ngati zili choncho, kuika Windows mwatsopano ndiye njira yodalirika.

Chinanso muchilandire ngakhale sichokoma. Opanga FC 24 analemba kuti purosesa yochepetsetsa yoyenera gemuyi ndi i5-6600K kapena Ryzen 5 1600. Yanuyo ndi yakale kuposa zimenezo. Khadi yanu ikukwanira, koma purosesa imakhala pa 100% pafupifupi mpira wonse, ndipo kudukiza kwina kudzakhalapobe ngakhale mutayeretsa bwanji. GTA V, yomwe inatuluka pa kompyuta mu 2015, siyenera kuivutitsa choncho, n'chifukwa chake kuuma kwa pa GTA V ndi komwe kukundiuza kuti pali vuto lenileni la makina. Kuti muipeputsire katundu, tsekerani gemu pa mafelemu (zithunzi) 60 pa sekondi, m'gemu momwemo kapena mu NVIDIA Control Panel, chifukwa sikirini wamba ya 60 Hz sionetsa oposa pamenepo ndipo otsalawo amangosanduka moto. Mukhozanso kulowa mu Power Options, ku Advanced settings, n'kuika Maximum processor state pa 99%. Zimenezi zimaletsa Turbo Boost, purosesa n'kusiya kukwera kufika pa 3.7 GHz, kumangokhala cha pa liwiro lake lokhazikika la 3.3 GHz. Mumataya liwiro pang'ono koma kutentha kumatsika, ndipo m'miyezi yotenthayi n'kusinthana kwabwino.

Ngati pambuyo pa zonsezi mudzafune kuonjezera ndalama m'makinawa, ine ndingayambe ndi thermal paste, kenako SSD (disiki yothamanga yolowa m'malo mwa hard disk), kenako RAM yofanana mtundu kuti ifike 16 GB. Purosesa ibwere pomaliza. I7-4790 imalowa pa bolodi yomweyo ndipo nayo inalembedwa 84 W, ingathandize kudukiza kwa FC 24, koma mukaiika pansi pa chitsulo chodzaza fumbi ndi power supply yotopa idzauma chimodzimodzi. Mukayeza, munditumizire fayilo ya HWiNFO64 ya tsiku lomwe yauma, chithunzi cha chizindikiro chomwe chamatidwa pa power supply, ndi chithunzi cha timitengo ta RAM tikuoneka zolemba zake. Mundiuzenso zomwe kanyali ka Caps Lock kanachita.